A Levulo ndi Mabanzi Olimba

A Levulo anamanga nyumba za anthu zaka makumi anayi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inachita mng'alu. Izi ankanena okha, komabe zinali zoona. Dzinali analitengera ku kachipangizo kaja kokhala ndi kadontho pakati, kamene amisiri amayezera khoma ngati lawongoka. Ankayenda nako m'thumba la jekete ngakhale kumaliro. Mukawaitana kuti adzamwe tiyi kwanu, asanakhale pansi ankayamba ayang'ana pakona ya chipinda, kenako n'kupukusa mutu. Anthu ambiri a mumsewu wawo anasiya kuwaitana chifukwa cha khalidwe limenelo.

Koma m'nyumba imene anamanga ndi manja awo munali chipinda chimodzi chimene sankachidziwa, ndicho khitchini. Ankadziwa kuti n'cha mamita atatu m'litali ndi awiri ndi theka m'lifupi, koma mukanawafunsa pamene pamakhala mchere akanakuuzani kuti mufunse eniake. Eniakewo anali akazi awo. Lachitatu ndi Loweruka lililonse, chikwatiranireni, mayiwa ankaphika mabanzi ofewa, otsekemera, onyezimira pamwamba. Fungo lake linkafika mpaka pokhotera msewu, ndipo anansi ankapeza zifukwa zodzabwereka machesi. A Levulo ankadya anayi ndi tiyi, n'kupukuta pakamwa, n'kunyamuka. Tsiku ndi limodzi lomwe sanafunsepo kuti zinthuzi zimapangidwa bwanji.

Chakudza sichiyimba ng'oma. M'mawa wina mayiwa akuyanika zovala anangogwa pansi, mtanga wa zovala uli m'manja. Anakhala m'chipatala milungu itatu. Pobwera anabwera pampando wamatayala, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, kamwa litapotokera mbali imodzi, mawu atathawa. Maso okha ndiwo anatsala ndi moyo wawo wonse, ndipo ankayang'ana a Levulo ngati akuwafunsa funso limene iwo samalimva.

Choipitsitsa chinali chakuti anakana kudya. A Levulo ankatenthetsa msuzi wa nkhuku umene anansi ankabweretsa, n'kuimirira pafupi ndi mpando uja ngati kapitawo, supuni m'manja. Mayi ankalandira supuni ziwiri, yachitatu n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Mpunga anakana, nthochi anakana. Buledi wa m'sitolo anangomununkhiza n'kumugwetsera pansi. Mphete imene inkavuta kuvula tsopano inkayendayenda pachala.

Mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomutchula kuti Mzime, ankagwira ntchito mu ofesi mumzinda wina wakutali. Anabwera, anawayang'ana amayi ake, anawagwira mkono, kenako anawaitanira abambo ake pakhonde.

"Ababa, ndikupatsani mwezi umodzi," anatero. "Ndikadzapeza amayi akuwondabe, ndikuwatenga. Kwanga kuli wantchito, ndipo chipatala chili pafupi."

"Kuwatenga ngati thumba la simenti?" a Levulo anafunsa.

"Kuwatenga ngati amayi anga. Inuyo simungathe, ababa. Ngakhale dzira simudziwa kukazinga."

Mawu amenewa anawapweteka, makamaka chifukwa anali oona. Anachitanso mantha, mantha enieni amene sanawamvepo ngakhale ali pamwamba pa nyumba yosanja. Ankadziwa kuti mayi akakwera galimoto imeneyo sadzabwereranso, ndipo iwo adzatsala ndi makoma owongoka okhaokha. Anakhala pakhondepo n'kulingalira ngati mmisiri. Munthu wakana buledi wa m'sitolo, wamugwetsera pansi ndi ukali. Chifukwa chake n'chiyani? Wazolowera mabanzi ake. Tsono mankhwala ake ndi mabanzi omwewo. Nkhaniyo anaiona kuti yawongoka bwino, moti anadzuka n'kupita kwa a Telala.

A Telala anali mayi wa nyumba yoyandikana, wosoka zovala pakhonde, wakamwa losatopa. Atamva zimene a Levulo ankafuna, anaimitsa makina n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya kasitomala.

"A neba, inuyo? Mabanzi? Dziko likutha ndithu!"

"Ingondiuzani miyezo. Zinazo ndi ntchito ya manja."

Anawauza. Makapu anayi a ufa wa tirigu, kapu imodzi ndi theka ya mkaka, dzira, shuga, majarini, kamchere, ndi yisiti. A Levulo analemba zonse ndi pensulo yawo yaikulu ya kuntchito pachipepala cha thumba la simenti.

"N'chimodzimodzi ndi konkire," anatero akupinda pepalalo. "Ukadziwa muyezo, wamaliza."

"Konkire munthu sadya," a Telala anayankha, n'kupondanso makina awo.

Ulendo woyamba anawiritsa mkaka mpaka kubwata, poganiza kuti chinthu chopatsa wodwala chiyenera kupsa bwino, n'kuthiramo yisiti. Mtanda, ufa wokanya uja, unangokhala phee m'beseni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. A Levulo anauzungulira, anausuzumira, anaugogoda ndi chala. Atapita nawo kwa a Telala, mayiwo anagwira kukamwa.

"Mwaipha! Yisiti ndi chinthu chamoyo, a neba. Mkaka uzingokhala wofunda, ngati madzi osambitsira khanda."

A Levulo anabwerera akukanda m'mutu. Chinthu chouma chogulidwa m'kapepala chikhale chamoyo? Sanakhulupirire, komabe ulendo wachiwiri anafunditsa mkaka monga anawauzira. Kenako anachita zimene mmisiri aliyense amachita ndi chinthu chimene akufuna kuti chikhwime bwino. Anaika beseni pasimenti kuseri kwa nyumba, pamthunzi pozizira, n'kuvindikira ndi saka yonyowa. Mtanda unakhalanso phee. A Telala anati ufunika pofunda, osati pozizira, ndipo anafunsa ngati a Levulo akuphika mabanzi kapena akumanga chimbudzi.

Ulendo wachitatu mtanda unafufuma. A Levulo anasangalala ngati mwana, anaumba timipira khumi ndi tiwiri tofanana ndendende, poti anayeza kalikonse pasikelo. Anatindandalika muthireyi pamzere wowongoka, n'kulowetsa mu uvuni. Mabanzi anatuluka ofiirira bwino, okongola m'maso. Koma atayesa kunyema limodzi, linakana. Atatenga mpeni, mpeni unaterereka. Galu wa a Telala analinyamula, anakaliika pansi pa mtengo, analiyang'ana n'kuchokapo. A Telala anapempha awiri oti azipanikizira nsalu kukachita mphepo.

Apa mpamene mutu wa a Levulo unaima. Miyezo inali yolondola, mkaka wofunda, malo ofunda, nthawi anayang'ana pawotchi. Cholakwika chinali pati? A Telala nawo anangotambasula manja. Anati iwo mabanzi awo amatuluka bwinoko koma osafika pa a mayi, ndipo chinsinsi chake chili m'manja mwa eniake. Tsono a Levulo anaganiza zoitana eniakewo. Anakankha mpando wamatayala mpaka pakhomo la khitchini, anauimika poti mayi aziona tebulo, n'kuyamba ntchito. Mayi anali atagwira supuni ku dzanja lamanzere, pakuti chibwerereni kuchipatala sankafuna kuisiya.

Poyamba zonse zinayenda mwabata. Ufa, shuga, mchere, yisiti, mkaka, dzira, majarini, mayi ankangoyang'ana. A Levulo anapisa manja m'beseni, ndipo mtanda unawamatirira m'zala, kuseri kwa manja, mpaka m'mikono. Mmisiri aliyense amadziwa kuti matope akachuluka madzi umawonjezera mchenga ndi simenti, apo ayi njerwa iterereka. Choncho anatapa ufa wodzaza dzanja m'chitini n'kuwaza.

Go! go! go! Supuni inalira padzanja la mpando.

A Levulo anatembenuka. "Mwati bwanji, mayi? Madzi akumwa?"

Anabweretsa madzi. Mayi anakankha kapu. Iwo anabwerera kubeseni, anakanya pang'ono, mtanda unamatabe, anawazanso ufa.

Go! go! go! go!

"Shuga wachepa?" Anawonjezera shuga. Supuni sinaleke. "Mukufuna kuchimbudzi?" Mayi anatseka maso ngati munthu amene akupempha Mulungu kuti amupatse mtima. "Kapena beseni si limeneli?" Anasamutsira mtanda m'beseni lina, anawazamo ufa kuti usamatirire, ndipo supuni inalira mwakuti a Telala anafuula kuchokera kuseri kwa mpanda kufunsa ngati akukhoma denga.

Zinapitirira choncho milungu iwiri. Tsiku lina a Levulo anaganiza kuti mayi akudana ndi epuloni yawo imene anavala, anaivula. Tsiku lina anaganiza kuti akukanya ndi mphamvu kwambiri, anayamba kusisita mtanda ngati mutu wa mwana. Anasintha mtundu wa ufa, anasintha yisiti, anasuntha tebulo kuliika pafupi ndi zenera. Anafika poika levulo pamwamba pa sitovu, n'kupeza kuti yapendekera pang'ono kumanzere, ndipo anathera m'mawa wonse akuikhazika bwino ndi tizidutswa ta matailosi. Mabanzi anatuluka owongoka kuposa kale, koma kulimba kwake kunali komweko. Mwamuna wanzeru zake, amene ankatha kuyang'ana khoma n'kunena kuti lapendeka ndi theka la chala, sanaone kuti supuni imalira nthawi imodzi yokha, pamene dzanja lake lalowa m'chitini cha ufa. Zimene munthu wachita zaka makumi anayi saziona ngati angalakwitsepo.

Madzulo ankaimirira ndi msuzi uja, mayi n'kulandira supuni ziwiri, n'kutembenukira kukhoma. Nthawi zina a Levulo ankaganiza kuti mayi akwiya nawo pa chifukwa china chakale chimene iwo anaiwala. Ankafufuza m'mutu zaka zonse za ukwati wawo, osapeza kanthu, kapena kupeza zambiri zosadziwika kuti chenicheni n'chiti. Nthawi zina ankaganiza kuti mwina mayiwo akufunadi kupita kwa Mzime, ndipo supuni ija ikunena kuti ndisiyeni ndizipita. Ganizo limeneli likawafikira, ankatsamira chitseko.

Loweruka lomaliza linafika. Mzime anaimba foni kuti wanyamuka m'mamawa ndi galimoto, afika chakumasana. A Levulo anati ayese komaliza, ngakhale mtima unali utagwa kale. Anakankhira mayi pakhomo la khitchini, anayeza zonse, anathira m'beseni. Patebulo panali pothinana ndi mabeseni ndi mathireyi a masiku onsewa, tsono pofuna malo okanyira ananyamula chitini cha ufa n'kuchiika kaye pamiyendo pa mayi.

Mayi anaponya supuni pansi. Anakulunga chitini chija ndi mkono wawo wamoyo, anachikumbatira pachifuwa, n'kuikapo chibwano.

A Levulo anapisa manja mumtanda, ndipo monga mwa masiku onse unawamatirira. Anatembenuka, manja ali m'mwamba, zala zitalumikizana ndi ulimbo woyera.

"Mayi, ufawo."

Mayi anawayang'ana osaphethira.

"Ndipatseni pang'ono chabe. Taonani manjawa."

Mkono unakumbatira kwambiri.

"Kodi mukufuna chiyani kwenikweni?" Mawu awo anakwera, zimene sanachitepo kwa mayi chidwalireni. "Ndikachita ichi, go go go! Ndikachita icho, go go go! Mwana akubwera kudzakutengani, mukudziwa? Mukufuna muzipita? Nenani!"

Atangotulutsa liwu lomalizalo anachita manyazi, pakuti kunena ndiko kumene mayi sankatha. Kulanda chitini kwa munthu wa mkono umodzi sakanatha, ndipo ndi manja amenewo sakanagwira ngakhale chitseko. Anabwerera kutebulo, misozi ikulengeza, n'kuyamba kukanya mtanda womatawo ndi mkwiyo. Anaukhuthulira patebulo, anaukoka, anaupinda, anaumenyetsa pansi, anaukokanso. Unamatirira tebulo, unamatirira manja, iwo osaleka, poti panalibe china choti achite. Thukuta linatsikira m'maso, mapewa anayamba kuwawa.

Sanadziwe kuti zinayamba nthawi yanji. Anangozindikira kuti zala zawo zayamba kuoneka. Mtanda unali ukudzisonkhanitsa wokha, ukutola tizidutswa tonse timene tinamatirira patebulo ndi m'manja. Patapita kanthawi unali mpira umodzi wosalala, wofewa, wotamuka ukaukoka, ndipo manja awo anali oyera. A Levulo anaima kakasi. Sanawonjezere kalikonse. Matope ochuluka madzi, ngakhale utawavundula tsiku lonse, sauma okha. Anayang'ana mtanda, anayang'ana manja, anayang'ana mayi. Mayi anamasula mkono pang'onopang'ono, anaweramitsa mutu kamodzi, ndipo mbali yamoyo ya kamwa lawo inakwera pang'ono.

"Ndiye kuti ufa uja..." a Levulo anayamba, koma anangosiyira pomwepo. Milungu iwiri yathunthu mayi ankawauza chinthu chimodzi chokha.

Mtanda unafufuma mpaka kukankha kansalu kovindikira. Anaumba timipira, tinafufumanso mpaka kugundana, anapaka dzira pamwamba n'kulowetsa mu uvuni. Fungo limene linatuluka linali lija lenileni. A Telala anaimitsa makina n'kubwera kudzasuzumira pampanda. Galimoto ya Mzime inaima pageti mabanzi akungotuluka kumene.

Mzime anapereka moni, anagwada pafupi ndi amayi ake, anawagwira mkono, ndipo nkhope yake inagwa. Analowa kuchipinda, ndipo a Levulo anamva zitseko za kabati zikutseguka, sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Mwachangu anakankhira mayi patebulo lodyera, anaikapo mbale ya msuzi monga mwa nthawi zonse, ndi mabanzi atatu m'kambale.

"Mwanawe, tabwera udzaone kaye!" anaitana.

Mzime anatuluka, diresi la amayi ake lili pamkono. Mayi anatambasula dzanja, anadina banzi limodzi ndi chala chachikulu. Linalowa, n'kubwerera lokha pang'onopang'ono. Anagwedeza mutu kuvomereza. A Levulo mtima unagunda ngati wa mnyamata wofunsira mbeta. Ananyema kachidutswa kofewa, kautsi kakutuluka, n'kukafikitsa pamilomo pa mayi.

Mayi anatseka pakamwa, n'kutembenuzira nkhope kumbali.

A Levulo anatsala dzanja lili m'malere. Anayesanso, milomo inakhalabe yotseka. Zonse zimene anamvetsa m'mawa uja zinabalalikanso. Mabanzi ndi omwewo, eniake avomereza, nanga tsopano n'chiyaninso?

"Ababa, mukuwapatsa chiyani?" Mzime anafunsa modabwa. "Amayi sadya buledi."

"Wati chiyani?"

"Sadya buledi, sadya mabanzi. Amawatentha pamtima. Chibadwire ine sindinawaonepo akuika banzi pakamwa."

"Iwe, usandisokoneze. Lachitatu ndi Loweruka lililonse..."

"Ankaphika, inde. Koma inu munawaonapo akudya?"

A Levulo anatsegula pakamwa kuti atsutse. Anafufuza m'mutu, anaona tebulo lomweli, kapu yawo ya tiyi, kambale ka mabanzi anayi, mayi atakhala mbali inayo akuwayang'ana. M'manja mwa mayi munali kapu yokha. Anabwerera m'mbuyo zaka khumi, zaka makumi awiri, mpaka ku kanyumba ka lendi kamene anayambira banja, ndipo konse anapeza kapu yokha.

"Nanga ankaphikira ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Mzime anangowayang'ana, ndipo a Levulo anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi.

Pamenepo mayi anakankha kambale kaja ndi dzanja lamanzere. Kanayenda patebulo mpaka mbali inayo, pamene panali mpando wa a Levulo, umene sanakhalepo chibwerereni mayi kuchipatala. Kenako mayi analoza mpandowo, n'kuloza amuna awo. Ulendo uno panalibe chovuta kumva. A Levulo anakhala pansi, anatenga banzi, analuma. Linali lofewa, lotsekemera, ndipo atangomeza anazindikira kuti ali ndi njala yoopsa. Anamaliza loyamba mosatafuna bwino. Mayi anakankhanso kambale, iwo anatenga lachiwiri.

Ali pakati pa lachiwirilo anamva supuni ikugunda mbale. Anadzutsa mutu. Mayi anali atakokera msuzi pafupi, atagwira okha supuni ku dzanja lamanzere. Theka linatayikira panjira, theka linafika. Anameza, anayang'ana ngati amuna awo akudyabe, n'kutapanso. Yachiwiri inadutsa, yachitatu inadutsa, ndipo nkhope sinatembenukire kukhoma. A Levulo anaopa kuleka kutafuna. Anatenga banzi lachitatu, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo mayi anapitiriza mpaka supuni inayamba kukanda pansi pa mbale.

Mzime anakhala pansi pang'onopang'ono, diresi lija lili pamiyendo. Anayang'ana mbale ya amayi ake, kenako anayang'anitsitsa abambo ake, khosi lawo, malaya amene ankalendewera m'mapewa. Mwezi wathawu anabwera kudzaona wodwala mmodzi, ndipo winayo sanamuyang'ane n'komwe. Anadzuka, anakabweza diresi m'kabati, anakankhira sutikesi pansi pa bedi. Pobwera anaima kumbuyo kwa mpando wa abambo ake n'kuwagwira paphewa.

"Ababa," anatero, "inuyo munakhala pansi n'kudya chakudya chenicheni liti komaliza?"

A Levulo anasiya kutafuna. Anayamba kuwerenga ndi zala, Lachisanu, Lachinayi, Lachitatu. Zala za dzanja limodzi zinatha, anayamba linalo, nalonso linatha, ndipo tsikulo sanalipeze.